Open Air Museum ya ku Karnak: akachisi oimikidwanso amaonetsa zoona mpaka pati?

Anthu ambiri akalowa m'kachisi wa mulungu Amun ku Karnak, mumzinda wa Luxor ku Egypt, maso awo amakhala patsogolo basi. Amadutsa chipata choyamba, n'kudula bwalo lalikulu, ulendo wa ku holo ya zipilala 134. Ndi ochepa amene amakhotera kumanzere pabwalo loyambalo n'kutulukira khomo la kumpoto, kumene kuli Open Air Museum. Kumeneko kulibe zipilala zotalika mamita 21 zoti munthu adzijambulitse pansi pake. Kuli akachisi ang'onoang'ono amene adagumulidwa zaka zoposa 3,300 zapitazo, miyala yawo n'kukwiriridwa, kenako akatswiri a masiku ano n'kuwaimikanso mwala ndi mwala. Kwa wojambula, womanga, wopanga zithunzi za pakompyuta, kapena aliyense wofuna kudziwa kumene zithunzi zokongola za maonekedwe akale a kachisi zimachokera, ano ndi malo ofunika kuposa ena onse mu Karnak. Koma ali ndi malire ake, ndipo wosawadziwa malirewo amachokako ndi chithunzi cholakwika m'mutu.

Miyala yambiri ya pano idatuluka m'mimba mwa chipata chachitatu. Chipata cha kachisi wa ku Egypt ndi nsanja ziwiri zikuluzikulu zokhala ndi khomo pakati. Kunja ankayalako miyala yosemedwa bwino, m'kati n'kuthiramo chilichonse cholemera. Amenhotep III, amene adalamulira cha m'ma 1390 mpaka 1352 BC, pomanga chipata chachitatuchi adatenga miyala ya nyumba za mafumu am'mbuyo n'kuisandutsa maziko ndi zodzazira. Kuwononga kumeneko n'kumene kudaipulumutsa. Mwala wobisika m'kati mwa khoma suwombedwa ndi dzuwa kapena mphepo ya mchenga, ndipo anthu ootcha laimu saufikira. Chinanso chachikulu: mwana wake, Akhenaten, atatuma anthu kuti agobe dzina ndi chithunzi cha Amun paliponse, miyala iyi inali itabisika kale. Choncho Amun amene mukumuona pamiyala yochokera m'chipatachi ndi wosemedwa ndi mmisiri woyambirira, pamene m'makoma ambiri a kachisi wamkulu mumaona Amun wokonzedwanso pambuyo pa chiwonongekocho. Henri Chevrier, katswiri wa zomangamanga wa ku France amene adayang'anira ntchito ku Karnak kuyambira 1926 mpaka 1954, adatha zaka zambiri akutulutsa miyalayi, ndipo mu 1967 kudakhazikitsidwa CFEETK, bungwe la akatswiri a ku Egypt ndi France lomwe lapitiriza ntchitoyi.

Yambirani pa White Chapel ya Senusret I, mfumu ya cha m'ma 1950 BC. Ndi kanyumba ka mwala wa laimu, pafupifupi mamita 6.5 mbali iliyonse, kokhala pansanja yokwera kupitirira mita imodzi. Kali ndi zipilala 16 za ngodya zinayi zoima m'mizere inayi, ndi masitepe mbali ziwiri okhala ndi kanjira kosalala pakati. Kadamangidwa pa chikondwerero cha Sed, mwambo wotsitsimutsa mphamvu za mfumu ikatha zaka 30 pampando. Chevrier adakaimika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo pa zonse zili muno, aka ndi kamene mungakakhulupirire kwambiri, chifukwa miyala yake idapezeka pafupifupi yonse. Zongoganizira n'zochepa.

Musafulumire kuchokapo. Zosema za pazipilala ndi zotukuka, kutanthauza kuti mmisiri adachotsa mwala wozungulira chithunzi n'kusiya chithunzicho chitatumphuka. Yang'anani chilembo chimodzi chokha, cha kadzidzi kapena cha dengu: nthenga iliyonse ndi luko lililonse zasemedwa pazokha, pamalo osakwana chikhato. Mfumu ikuoneka ikutsogoleredwa ndi milungu, ikukumbatiridwa, ikupereka nsembe kwa Amun, yemwe nthawi zambiri waima m'maonekedwe a Min, mulungu wa kubereka. M'munsi, pakhoma lalifupi lozungulira, pali mndandanda wa zigawo za dziko, za Egypt wakumtunda mbali ina, za wakumunsi mbali inayo, pamodzi ndi miyeso ya zigawozo ndi msinkhu wa madzi osefukira a Nile. Si zokongoletsa chabe. Dziko lonse laikidwa pansi, mfumu ndi mulungu pamwamba pake. Wojambula amene amadzaza m'munsi mwa kachisi ndi zilembo zongotola kuti pasakhale popanda kanthu waphonya mfundo yonse ya nyumbayo. Komanso musanyengeke ndi kuyera kwake. M'makona ndi m'mikwasa mudakali timadontho ta utoto, umboni woti kanyumbaka kanali kopakidwa.

Njira imene amatsata poimikanso nyumba zotere ili ndi dzina lake, anastylosis, ndipo lamulo lake lili mu Venice Charter ya 1964: muimike pogwiritsa ntchito zidutswa zimene zilipo, zowonjezera zikhale zochepa kwambiri, ndipo zizioneka kuti ndi zowonjezera. Ntchito imayambira patebulo, osati pamalo omangira. Mwala uliwonse umapatsidwa nambala, umayezedwa, n'kujambulidwa mbali zonse zisanu ndi imodzi, chifukwa mbali zopanda zithunzi n'zimene zimanena zambiri. Pamwamba pa mwala pamakhala mabowo a zomangira zamatabwa zooneka ngati gulugufe, zimene zinkagwirizanitsa miyala iwiri yoyandikana. Theka la bowo pamwala uwu liyenera kukumana ndi theka linalo pamwala winawo. Pamakhalanso timaenje tomwe ankapondetsamo mitengo posuntha mwala wa mzere wapamwamba, ndi mizere yokanda yosonyeza pamene mwalawo unkathera. Makoma ambiri a ku Egypt amapendekera m'kati kunja kwake, motero kuchindikala kwa mwala kumakuuzani kuti unali m'munsi kapena m'mwamba. Zikatha izi m'pamene amaona zithunzi ndi mawu: kodi mzere wa zilembo ukupitirira, kodi dzanja lodukalo likukumana ndi mkono wake. Nyumba yonse imamangidwa kaye papepala kapena pakompyuta. Miyala yodwala mchere amaimata phala lonyowa lokoka mcherewo, yofumbutuka amailimbitsa ndi mankhwala, ndipo maziko atsopano amatchingidwa kuti chinyezi chisakwere.

Pamene zinthu zimalakwika ndi pa zomatira. Okonza akale m'mayiko ambiri ankadalira simenti ndi zitsulo wamba. Simenti ndi yolimba kuposa mwala wa laimu kapena wa mchenga, ili ndi mchere wakewake, ndipo imatsekera chinyezi m'kati, choncho mwala wakalewo ndi umene umagonja. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kung'amba mwala kuchokera m'kati. Ku Karnak vutoli limakula chifukwa madzi apansi ali pafupi: amakwera m'mwala, n'kuuma, mchere n'kutsalira pansi pa khungu la mwalawo mpaka zosema zitayoyoka. N'chifukwa chake ntchito za posachedwa zimakonda matope a laimu, ofewa ndi opumitsa khoma. Mukaima patali, malo odzazidwa amafanana mtundu ndi mwala, nyumba n'kuoneka yathunthu. Mukasendera pafupi, mumaona kuti ndi osalala, opanda chosema chilichonse. Palibe amene adasema mutu watsopano pa thupi loduka. Apa malowa akhoza kotheratu, ndipo wopanga zithunzi za pakompyuta ali ndi phunziro lalikulu, chifukwa pakompyuta chodziwika ndi chongopeka zimatuluka zonyezimira mofanana.

Red Chapel ya Hatshepsut, mfumu yachikazi, ndiyo imafuna nthawi yambiri. Inali nyumba ya bwato lopatulika la Amun, lomwe ansembe ankalinyamula pamapewa pa zikondwerero. Ndi yotalika pafupifupi mamita 15, ya zipinda ziwiri: cholowera ndi chopatulika. Makoma ndi a quartzite yofiira, mzere wapansi ndi mafelemu a makomo ndi a mwala wakuda wolimba. Kusankha miyala kumeneku kuli ndi tanthauzo: kuda ndi kwa nthaka yachonde imene Nile ankasiya, ndipo pamzere wakudawo pali anthu oimira chonde atanyamula zopereka; kufiira ndi kwa dzuwa. Thutmose III, amene adalamulira yekha Hatshepsut atamwalira, adaigumula n'kuikapo yake ya granite, ndipo miyala yambiri idakathera m'chipata chachitatu chija. Kwa zaka makumi ambiri miyala yoposa 300 idangondandalikidwa pamabenchi, mpaka CFEETK idayamba kuimika mu 1997, ndipo pofika 2001 nyumba inali itaima.

Vuto lake ndi losiyana ndi la White Chapel. Miyala ya pano ndi yaing'ono, yofanana msinkhu ngati njerwa za chikombole chimodzi, ndipo yambiri ili ndi chithunzi chathunthu chosadumphira pamwala woyandikana. Mzere umodzi wa miyala ndi mzere umodzi wa zithunzi. Kwa omanga a Hatshepsut izi zinkafulumizitsa ntchito, koma kwa woimikanso zikutanthauza kuti mwala umodzi ukhoza kukwana pamalo angapo. Malo ake amadziwika poona mabowo a zomangira aja, kuchindikala, mbali imene anthu akuyang'ana, ndi dongosolo la mwambo. Lamulo lothandiza n'lakuti mfumu imayang'ana kolowera m'kati, mulungu amayang'ana kotulukira, popeza iye ndi mwini nyumba amene akulandira mlendo. Ngakhale zili choncho, mipata yosalala ndi yambiri pano, ndipo si mwala uliwonse umene malo ake ali otsimikizika mofanana ndi anzake. Onani khoma ngati maganizo abwino kwambiri a akatswiri, osati ngati chithunzi chojambulidwa tsiku lotsegulira.

Zimene zili pamiyalayo n'zosowa kwina. Pali ulendo wa chikondwerero cha Opet kuchokera ku Karnak kupita ku kachisi wa Luxor, mtunda wa pafupifupi makilomita 3, ndi malo asanu ndi limodzi opumulirapo bwato panjira, kenako kubwerera pamtsinje. Pali ulendo wowoloka Nile kupita ku Deir el-Bahari, kumene kuli kachisi wa Hatshepsut. Pali ovina opinda msana chagada, oimba zeze, ansembe atasenza mitengo ya bwato. Pali Hatshepsut akupereka zipilala ziwiri zosongoka kwa Amun, ndipo chipilala chake china, cha mamita pafupifupi 30, chidakaimabe pakati pa chipata chachinayi ndi chachisanu. Wofuna kujambula chikondwerero cha m'nthawi imeneyo asapeke maonekedwe a bwato: mitu ya nkhosa yamphongo kutsogolo ndi kumbuyo, kanyumba kophimbidwa ndi nsalu pakati, zonse zili apa. Zosema zake ndi zolowa m'kati, zomwe zimawerengeka bwino dzuwa likamenya cham'mbali. Zithunzi zina za Hatshepsut zidagobedwa, zambiri zidatsala bwinobwino.

Pa nkhani ya utoto, pitani pa khonde la zipilala la Thutmose IV. Ndi la mwala wa mchenga, lidaima kutsogolo kwa chipata chachinayi, ndipo chifukwa lidagumulidwa lisanakhalitse, mitundu yake ikuonekabe: chikasu, kufiira, buluu, ndi mzere wa ng'ombe zonenepa zopita ku nsembe. Apa m'pamene mungaone kuti utoto wa ku Egypt sunali wonyezimira. Ankayamba ndi pulasitala woyera wopyapyala, kenako kufiira ndi chikasu zochokera ku dothi la ochre, kuda kochokera ku mwaye kapena makala, kuyera kwa gypsum kapena laimu, zonse zosakaniza ndi utomoni wa mtengo. Buluu ankachita kupanga: mchenga, laimu, mkuwa ndi mchere wa natron zotenthedwa pa madigiri 850 mpaka 1,000, kenako n'kupera. Akapera mwamisere buluu amatuluka wodera kwambiri, akapera mosalala amatumbuluka, ndipo popeza njere zake ndi zazikulu amayoyoka msanga kuposa ochre. Ndiye khoma limene lero likuoneka lofiira ndi lachikasu lokha likhoza kukhala kuti linali ndi buluu ndi wobiriwira wambiri. Ojambula amalakwitsa mbali ziwiri: ena amasiya makoma a mtundu wa mchenga ngati kuti adali choncho kuyambira kale, ena amapaka mitundu yowala ngati ya pulasitiki yokhala ndi mithunzi yosintha pang'onopang'ono, pomwe mmisiri wakale ankapaka mtundu umodzi wosasintha n'kuzunguliza ndi mzere. Khungu la buluu la Amun nalonso lidafala pambuyo pa Akhenaten; kumupaka buluu pa nyumba ya Senusret I n'kusokoneza nthawi.

Kanyumba ka bwato ka Amenhotep I, ka mwala wa calcite wochokera ku Hatnub, sikachedwetsa. N'kachipinda kamodzi kotseguka mbali ziwiri, kokongola chifukwa cha mitsempha ya mwala wake. Kali ndi ntchito imodzi yabwino kwa wophunzira: kamaonetsa poyera mkombero wopindikira kunja wa pamwamba pa khoma ndi chingwe chamwala chozungulira m'makona, zomwe zimakumbutsa nyumba zakale za bango ndi mikeka zomangidwa m'mitolo.

Tsopano zimene malowa sangathe kuonetsa, ndipo ndi zazikulu. Palibe nyumba ngakhale imodzi imene ili pamalo pake penipeni. Zaikidwa moyandikana pabwalo lotseguka, ya cha m'ma 1950 BC pafupi ndi ya cha m'ma 1400 BC, ngati kuti zidaimapo limodzi chonchi. Red Chapel, malinga ndi akatswiri ambiri, inali pakatikati pa kachisi, pamene lero pali chipinda cha granite cha mfumu Philip Arrhidaeus, yozunguliridwa ndi zipinda zina. Munthu wamba sankaiona. Pano mukuizungulira padzuwa, mukuona kunja kwake konse nthawi imodzi, chinthu chimene ngakhale wansembe sakadatha.

Izi zikukhudza tanthauzo lenileni la kachisi. Kachisi wa ku Egypt ndi chifaniziro cha dziko pa tsiku la kulengedwa, ndipo tanthauzolo limamveka poyenda. Nsanja ziwiri za chipata ndi mapiri awiri amene dzuwa limatulukira pakati pake. Mukamalowa, pansi pamakwera pang'onopang'ono, denga limatsika, makomo amachepa, kuwala kumazilala, mpaka pachipinda chopatulika chimene chikuimira chulu choyamba chotumphuka m'madzi. Denga linkapakidwa buluu ndi nyenyezi zachikasu, m'munsi mwa makoma munkamera zomera za m'dambo, zipilala zinali gumbwa. M'holo yaikulu ija, zipilala 12 zapakati zili ndi mitu yotseguka chifukwa zinkalandira kuwala kwa mawindo amwala a m'mwamba, pamene 122 za m'mbali, za mumdima, zili ndi mitu yosatseguka. Ngakhale mpanda wa njerwa wozungulira, wa nthawi ya mfumu Nectanebo I, uli ndi mizere yokwera ndi kutsika imene ambiri amaiwerenga ngati mafunde a madzi oyambawo, ngakhale kuti imathandizanso kuti khoma lisang'ambike. Mu Open Air Museum mulibe ulendo umenewu. Muli zigawo zabwino kwambiri, koma zopanda mdima wake. Chithunzi chilichonse choonetsa chipinda chopatulika chowala mbee ngati holo yamakono chatengera cholakwa chomwechi.

Pali zolakwa zina zazing'ono zimene miyala ya pano ingakuthandizeni kupewa ngati muli ndi diso. Muyeso wa omanga unali mkono wachifumu, pafupifupi masentimita 52.5, wogawidwa m'zikhato 7 ndi zala 28. Chojambula chomangidwa pa mamita athunthu chimatuluka ndi miyeso yachilendo. Munthu woimirira m'nthawi ya nyumba izi ankajambulidwa pakhoma lolembedwa mizere yopingasana, ndipo ankatenga mabokosi 18 kuchokera kuphazi kufika pamene tsitsi layambira pachipumi. Mabokosi 21 adabwera mochedwa kwambiri, cha m'zaka za m'ma 600 BC. Ndipo kutembenuza chithunzi pakompyuta kuti mudzaze khoma la mbali inayo ndi msampha: zilembo zimayang'ana koyambira kuwerenga, ndipo mbali ya kumwera kawirikawiri imatenga chisoti choyera ndi chomera cha kumwera, ya kumpoto chisoti chofiira ndi gumbwa. Zipilala ziwiri za granite za Thutmose III kutsogolo kwa chipinda cha bwato m'kachisi wamkulu zikuonetsa zimenezi mosabisa.

Ndiye kodi n'koyenera kupitako? Inde, mosakayika, bola mupatule ola limodzi ndi theka, osati mphindi khumi zotsala basi isananyamuke. Kwa zaka zambiri malowa anali ndi tikiti yakeyake, choncho funsani pogula ngati yanu ikukulowetsani. Fikani m'mamawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Masana kuwala kumagwa chamutu, zosema zolowa m'kati zimazimirira, mwala woyera umathobwa m'maso, ndipo m'chilimwe kutentha ku Luxor kumapitirira madigiri 40 pamalo pomwe mthunzi ndi wosowa. Tengani mapu a Karnak osonyeza nthawi za kumanga, kuti pa nyumba iliyonse muloze pamene idaima. Pojambula, imani patali moyang'anizana ndi khoma n'kukokera chithunzi pafupi, chifukwa kujambula chapafupi mutapendeketsa kamera kumapotoza miyeso. Musakhudze: thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa mwala wa laimu ndipo zimachotsa utoto wotsalawo.

Mukamaliza, musatulukire kunja. Bwererani pabwalo loyamba mulowe m'kachisi wamng'ono wa Ramesses III, amene ali ndi chipata, bwalo, holo ndi zipinda zopatulika m'dongosolo lake pamtunda waufupi. Kenako pitani ku holo ya chikondwerero ya Thutmose III chakum'mawa, imene idakali ndi denga ndi utoto, ndi ku kachisi wa mulungu Khonsu kungodya ya kumwera chakumadzulo, kumene mdima wa zipinda zam'kati udakalipo. Amene ali ndi tsiku lina apite ku kachisi wa ku Esna, kumwera kwa Luxor, kumene mu 2018 akatswiri a ku Egypt ndi a yunivesite ya Tübingen adayamba kuchotsa mwaye padenga ndi pazipilala. Nyumba ya ku Esna ndi ya nthawi ya Aroma, choncho mitundu yake musaisamutsire pa makoma a Hatshepsut. Tengani kumeneko kuchuluka kwa utoto ndi mmene umagwirira kuwala pansi pa denga.